Mabokosi Amene Anawoloka Chisuwe Mvula Isanagwe

Nachi chilape, koma musathamangire kuyankha. Mlendo wanga sabwera chimanjamanja, ndipo mphatso yake imakukwana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Koma ukaona kuti wapitirira pakhomo pako, mtima umakhala pansi. Mlendoyo ndani? Yankholo lisungeni kaye m'kamwa.

Panali munthu wina, dzina lake a Chikhadwe, amene anakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo zaka makumi awiri ndi zisanu. Ana obadwa chaka chimene iwo analowa anali atabereka kale awo ana. Dera lawo linali lalitali ngati lamba, ndipo mtsinje wa Chisuwe unkalidula pakati. Tsidya lino kunali msewu, msika ndi chipatala. Tsidya linalo kunali midzi, sukulu imodzi, ndi anthu. Mlatho panalibe. Chilimwe galimoto inkawoloka pamchenga. Dzinja inkawoloka mbalame yokha.

A Chikhadwe sanali munthu wouma mtima ayi. Maliro sankajomba. Uthenga ukangowapeza kutauni kumene ankakhala, ankatsogoza bokosi ndi thumba la ufa, iwo n'kutsatira atavala jekete yakuda. Ankalira misozi yeniyeni. Polankhula kumanda ankatchula malemuyo dzina ndi mfunda womwe, osaphonya. Pa msonkhano uliwonse ankanena kuti munthu amene iwo amufikira salowa m'nthaka atakulungidwa mumphasa, ndipo anthu ankawomba m'manja chifukwa zinali zoona.

Chaka chimenecho kunadzuka wopikisana nawo, mayi wina amene kale anali mzamba pachipatala chija. Analibe nsalu zogawa, analibenso lole ya zoimbira. Ankayenda pa kabaza n'kumakhala m'makonde mwa anthu, kumvetsera. Poyamba a Chikhadwe anaseka. Koma atamva kuti dzina la mzambayo likutchulidwa m'zigayo ndi m'zitsime za kutsidya, chakudya chinasiya kuwakomera.

Anaganiza masiku atatu. Kodi anthu akutsidya akundidandaula chiyani? Ndipo anakumbukira dzinja lapitalo. Mwana wamkazi wa Nasibeko, mayi wachikulire wa kutsidyako, anamwalira pobereka m'mbali mwa Chisuwe, ali pa machira, kudikira kuti madzi aphwe. Bokosi la a Chikhadwe linafika tsidya lino n'kuima. Linayang'anizana ndi maliro masiku awiri, madzi ali pakati, mpaka anthu anatopa n'kuika malemuyo mumphasa.

A Chikhadwe anadziguguda pachifuwa. Ndapeza, anatero mumtima. Chimene chikuwapweteka anthu anga ndi bokosi lochedwa.

Anaitana kalipentala n'kumuuza kuti akhome mabokosi makumi atatu: akuluakulu khumi, apakati asanu ndi atatu, ang'onoang'ono khumi ndi awiri. Sanachite kulota. Zaka zonse zija zinawaphunzitsa kuti malungo a dzinja amayambira pati.

Akukweza katunduyo, dalaivala wawo wakale, a Jekapu, anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Bwana, kwathu kuno munthu samukhomera bokosi akupuma. Amati n'kumulaula."

"Zakale zimenezo, a Jekapu. Masiku ano timakonzekera."

A Jekapu anavala chipewa chawo n'kukamanga zingwe.

Kutatsala masiku asanu kuti anthu aponye voti, lole inawoloka Chisuwe pamchenga, dzuwa lili pamutu, katundu atafunditsidwa ndi lona wamkulu. Pabwalo la sukulu anthu anali atadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo ya mango. Ena ankati ndi feteleza. Ena ankati malata. Panali bambo wina amene analumbira kuti wamva fungo la simenti ya mlatho, anzake n'kumuseka kuti mphuno yakeyo aipititse kuchipatala madzi asanabwere. Amayi anazungulira loleyo akuvina, nthungululu zili m'mwamba. Nasibeko analinso pomwepo kutsogolo, atagwira dzanja mdzukulu wake Malita, kamtsikana ka zaka zisanu, mwana woyamba wa malemu uja.

A Chikhadwe anakwera palole. Anamasula chingwe ndi dzanja lawo, n'kukoka lona.

Nyimbo inaduka ngati wina waiponda pakhosi. Woimba ng'oma anatsala dzanja lili m'malere. Mabokosi anali ndondondo, opakidwa vanishi, akunyezimira padzuwa, aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Mayi wina anatembenuza mwana amene anali kumsana n'kumubisa nkhope pachifuwa. Pabwalo ponse panangoti zii, moti zinamveka njiwa zikulira kuseri kwa sukulu.

A Chikhadwe anayesa kuti anthu asowa mawu othokozera. Anamwetulira, nakonza jekete, nafotokoza.

"Abale anga, chaka chino Chisuwe asefukire mmene angafunire. Palibe amene adikirenso. Ang'onoang'onowa ndachulutsa dala, chifukwa ndi amene amafunika kwambiri dzinja."

Nasibeko ndi amene analankhula. Sanakweze mawu. Anawomba m'manja kawiri mwaulemu, monga amachitira munthu pofuna kulankhula kwa akulu.

"Olemekezeka, ndiye kuti mwatiwerenga kale? Mukudziwa kuti ana khumi ndi awiri sadya nawo mondokwa chaka chino?"

"Ndakhala nanu zaka makumi awiri ndi zisanu, mayi. Ndimadziwa."

"Mumadziwa," anatero Nasibeko, ngati akulawa mawuwo. "Ife timayesa simudziwa. N'chifukwa chake timakuvoterani."

Palibe anatukwana. Palibe anatola mwala. Anthu ananyamula timipando tawo ndi ana awo n'kuyamba kuchoka, mmodzimmodzi, osacheuka. Ambiri sanalowere kunyumba. Anatsetserekera kudambo kukasamba m'manja ndi kumaso, monga amachitira anthu ochokera kumanda. A Chikhadwe anaima palole paja, lona ali m'manja, akuyang'ana misana ya anthu amene anawaikira makolo, amuna ndi ana, ndipo panalibe msana umodzi womwe unatembenuka.

Komabe anakana kubwerera nawo mabokosiwo. Anati mvula ikagwa anthu adzamvetsa. Popeza panalibe wofuna kuwakhudza, anawatsitsa okha ndi a Jekapu, n'kuwasanja m'kalasi ina yopanda madesiki, n'kutseka ndi loko.

Tsiku la chisankho anthu akutsidya anafola pa sukulu yomweyo, mzere utakhota dala kuti usadutse pafupi ndi kalasi ija. Atawerenga, a Chikhadwe anapezapo mavoti anayi. Anthu awo owayang'anira mavoti pamenepo analipo asanu ndi mmodzi. Dera lonse linapita kwa mzamba.

Zotsatirazo a Chikhadwe anazimvera pa wailesi ya m'galimoto. Kenako anatembenukira kwa dalaivala wawo.

"A Jekapu, ndinawalakwira chiyani? Ndani amene anawalirira kuposa ine?"

A Jekapu anangoliza galimoto.

Mlendo wa m'chilape uja mwamudziwa tsopano. Ndi munthu amene amakukonda ukagona chagada, amene amadziwa kutalika kwako koma sanakufunsepo kuti wadzuka bwanji. Inu amene mukumva, ngati mwapatsidwa mpando, waukulu kaya waung'ono, dzifunseni kuti zimene mumadziwa za anthu anu mumazitengera kuti. A Chikhadwe anadziwa mwezi, anadziwa mtsinje, anadziwa ndi msinkhu womwe, ndipo zonsezo anazitengera kwa kalipentala. Koma musawaseke msanga. Manja amene ankawawombera kumanda zaka zonse zija ndi athu omwewa. Tinkathokoza bokosi mokweza, za mlatho n'kumangonong'ona, ndipo munthu amabweretsa chimene amamuthokozera.

Phungu watsopano walumbira kale. Mlatho sunayambe. Mabokosi aja akadali m'kalasi muja, chifukwa palibe wolimba mtima woti awaotche, palibenso wolimba mtima woti anene kuti sadzafunika. Dzulo mitambo inayamba kuwunjikana kumtunda kwa Chisuwe, ndipo mphepo inanunkhira mvula.

Amayi akuchokera kuchitsime anadutsa pasukulupo, Nasibeko ali pakati pawo. Malita anawapulumuka, nakwera pa njerwa, nasuzumira pazenera la kalasi ija. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anatembenuka.

"Agogo, kakang'ono kali pamwamba kaja n'kandani?"