Telala Yemwe Ankayeza Mimba ndi Tepi

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato ankakhulupirira tepi yake kuposa abusa. Choncho mkazi wake, yemwe anali ndi matenda a shuga, atalowa mwezi wachisanu ndi chitatu wa pakati, mkuluyu anadzisandutsa dokotala.

Namwino wa kusikelo anali atanena mosapsatira: aziyeza shuga m'mawa uliwonse, azibwera sabata iliyonse, ndipo mwana akachepetsa kugunda m'mimba athamangire kuchipatala. Koma inali nyengo ya mayunifolomu, ndipo wosoka mabatani anali mayiyo.

"Kusikelo mukatani, mayi? Woyeza muli naye m'nyumba," anatero telala, akukulunga tepi pamimba. "Mainchesi ena awiri! Muli chimphona umu."

"Bambo, mapazi atupa, mutu sukuleka kuwawa, ndipo m'maso mukuchita chidima."

"Pakati pamatero. Bweretsani diresilo ndilikuze."

Analikuza katatu. Makasitomala akayamikira kukula kwa mimbayo, iye ankanyada ngati waisoka yekha.

Lachinayi lina mayiyo anaika singano pansi. Kuyambira m'mawa, mwana anali zii m'mimba. Mantha atamugwira, sanatsanzike n'komwe. Anatenga buku la kusikelo, ulendo. Telala anatsatira pambuyo akung'ung'udza, tepi ili m'khosi.

Kuchipatala anapeza magazi akuthamanga moopsa, shuga atakwera, ndipo mwana atanenepa ndi shuga wa mayi ake moti sakanabadwa bwinobwino. Anathamangira naye mayiyo ku opaleshoni. Mwana anatuluka wamoyo koma wolefuka, shuga wake atatsika, ndipo anamwino anapita naye kuchipinda cha makanda odwala.

Namwino uja anapeza telala pabenchi, akupukuta misozi ndi kansalu kotsala ku yunifolomu ya mwini.

"Ndinu a dokotala a tepi aja? Mayiwa akanamvera inu mpaka mawa, bwenzi mukuyeza nsalu ya maliro, ya anthu awiri."

"Koma mimba inkaoneka bwino, anamwino."

"Inkaoneka. Akazi anu tawasoka ife. Musakayerekeze kukonza ulusiwo."

Patatha masiku asanu mayi ndi mwana anatuluka. Timalaya tonse tomwe telala anasokera khandalo tinakana kulowa, ndipo mkazi wake anamutuma kukagula tina kwa telala mnzake wa tsidya la msewu. Anapita mutu uli pansi. Tepi imayeza kunja kokha, ndipo akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.