Nungu ndi Eyakoni ya Mvuu

Padangokhala, ana inu. Yankhani kuti tili tonse, wosafuna atuluke akathamangitse nkhuku.

Panali Mvuu, ndipo Mvuu anagula galimoto. Galimotoyo inali ndi eyakoni, kamphepo kozizira kaja kamene mabwana amatsekera mawindo akamatidutsa ife apanjinga n'kutisiyira fumbi. Koma Mvuu ndimukhululukire, kwa iye sikunali kunyada kokha. Khungu la mvuu likapsa ndi dzuwa limang'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Popanda kuzizira, ulendo wautali sakanautha.

Tsono Mvuu anapeza mbeta kuchigwa, kotentha kuja kumene ndi buluzi yemwe amafuna ambulera. Anapangana tsiku la chinkhoswe. Akuchikazi anati, "Afike dzuwa lisanapendeke. Akalephera, Chipembere nayenso anafunsira, ndipo kwawo n'kuseri kwa mpanda."

M'mawa wa tsikulo Mvuu anadzola mafuta, ananyamula tambala wa chinkhoswe, nakweza atsibweni ake a Bilimankhwe, amene anali nkhoswe. Musandifunse kuti mvuu inapeza bwanji atsibweni otero, mabanja a eni ake ngovuta. Atapotokola kabatani ka eyakoni mphepo inatuluka, inde, koma yotentha ngati ya mu uvuni wa njerwa.

"Atsibweni, ukwati watha," anatero Mvuu.

"Usanayambe n'komwe?" anatero a Bilimankhwe. "Tiye kwa Nungu."

Nungu anali makaniko, galaji yake pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingamunamizire. Masiku onse akamagwira ankamanga chiguduli chochindikala kumsana, kuti minga yake isalase zinthu za eni. Koma tsikuli ataona galimoto yonyezimira, ataonanso azimayi ogulitsa zitumbuwa ndi mapapaya akusendera kudzaonerera, anati mumtima, ine ndioneke ngati thumba la makala pamaso pa anthu? Chiguduli chija anachiponya kuseri.

"Bwana, khalani pamthunzi," anatero Nungu. "Eyakoni ndi mwana wanga."

Anaika dzanja potulukira mphepo. "Fani ikupemerera, imeneyo ilibe mlandu." Anasolola fyuzi naiunika padzuwa. "Fyuzi ndi yamoyo." Anatsekula boneti nakoka lamba. "Lamba ngolimba." Anatchera khutu pa kompuresa, kamakina kopopa gasi. "Iyi imayenera kulira kuti tha ikamagwira. Yangoti zii. Ndiye kuti gasi watha, bwana, ndipo gasi sathawa popanda khomo."

Anathiramo gasi pang'ono, anasungunula sopo m'chitini, nayamba kupaka pa mapaipi uku akuimba:

Thovu, thovu, ndiuze,
gasi wathawira pati?
Thovu, thovu, usaname,
wolakwa si ine ayi.

Polumikizira paipi thovu linatupa. Nungu anasintha kamphira kakutha, anamanga, anadzaza gasi. Kompuresa inati tha. Mphepo inazizira mpaka tambala uja anayetsemula.

Azimayi anaomba m'manja. Nungu anatembenuka, msana ku injini, nawerama kulandira ulemu. Inu mukudziwa kuti nungu akakondwa minga imaima. Kumbuyo kunamveka kuti psss.

"Amisiri," anatero Mvuu ali m'galimoto, "kwayambanso kutentha."

"Mapaipi a masiku ano, bwana. Amapanga ndi mapepala."

"Amisiri," anayamba a Bilimankhwe pang'onopang'ono, "diso langa lakumanzereli..."

"Madala, munagwirapo sipanala inu? Khalani chete."

Anapakanso sopo, anaimbanso.

Thovu, thovu, ndiuze,
gasi wathawira pati?
Thovu, thovu, usaname,
wolakwa si ine ayi.

Thovu linatupa pa mabowo atatu. Nungu anachotsa paipiyo, anaika ina, anadzaza gasi. Tha! Kuzizira. Azimayi m'manja. Nungu kutembenuka, kuwerama, ulendo uno mpaka chipumi kugunda pansi. Psss, psss.

"Amisiri," anatero Mvuu, thukuta lili kamukamu.

"Misewu yathuyi, bwana. Maenje amagwedeza chilichonse."

"Galimoto yaima chiimire. Maenje alowa pati?"

"Maenje a dzulo. Ululu wake umabwera mochedwa."

"Amisiri," anatero a Bilimankhwe, "diso langa lakumanzereli laona..."

"Maso anuwo sagwirizana okhaokha, ndiye agwirizane ndi ine?"

Azimayi anaseka, ndipo Nungu anatupa ndi kunyada. Dzuwa nalo linali likukwera. Kachitatu anapaka sopo, ndipo ulendo uno thovu linatuluka paliponse, injini yonse kuyera ngati pochapira zovala. Nungu anaima, anapukusa mutu, natsitsa mawu.

"Bwana, ndinene zoona? Muli ndi mdani?"

"Chipembere," anatero Mvuu.

"Basi. Izi si za sipanala. Galimotoyi aitchera."

Mvuu anatuluka m'galimoto maso ali psu, kufuna kuthamangira kuchigwa wapansi kuti akathyole nyanga ya Chipembere. Akanafera panjira ameneyo, anthu n'kudya nyama mwezi wathunthu. Koma pamene awiriwa ankakambirana za ufiti, a Bilimankhwe anali atayenda kayendedwe kawo kaja, mwendo kutsogolo, kuganiza, mwendo kumbuyo, kuganizanso, mpaka anabwereka papaya kwa mayi wina n'kumukhazika pamwamba pa injini.

"Mphwanga, dikira," anatero kwa Mvuu. "Amisiri avutika nafe. Azimayi, tawaomberaniko m'manja."

Azimayi anaomba. Nungu, thupi linazolowera, anatembenuka n'kuwerama. Ataweramuka, papaya uja anali kumsana, atabayidwa pa minga, madzi ake akutsikira kumchira.

Kunali phwete. Mayi wa zitumbuwa anagwa chagada, beseni uko, iye uko.

"Mukuseka chiyani?" anafunsa Nungu, akuzungulira kufuna chosekedwacho, papaya naye akuzungulira.

"Ndimati diso langa lakumanzereli laona msana wanu, amisiri," anatero a Bilimankhwe. "Bowo loyamba linali la galimoto. Enawa ndi anu."

Nungu anapapasa kumbuyo, nakhudza papaya.

"Papaya ameneyu," anatero, "watumidwa ndi Chipembere."

Mvuu anati amukhalire pompo. Atsibweni anamugwira khutu. "Ukhala pa minga, ndiye kuchinkhoswe ukaima tsiku lonse. Amisiri, gasi watsala?"

"Watha."

"Paipi ina?"

"Atha."

"Mgolo uwo ngwa madzi?"

"Eya."

Anakweza mgolo pamwamba pa galimoto n'kuumanga ndi zingwe za mphira. Anakwezanso Nungu, chiguduli chake atamumanga kawiri, namupatsa chitini cha sopo chija atachitsuka.

"Kuyambira pano eyakoni ndiwe," anatero Mvuu. "Ndikati tha, uzithira."

Ananyamuka mawindo ali pululu. Mvuu akati "Tha!" Nungu ankaweramira pawindo n'kumukhuthulira madzi pamutu. Akafika pa mjigo, Nungu kutsika, kupopa, kudzaza mgolo, kukwera. "Tha!" Khuthu. "Tha!" Khuthu. Tambala ananyowa mpaka anasiya kulira. A Bilimankhwe anasanduka obiriwira ndi kuzizira, napempha kuti eyakoni aichepetseko.

Kuchigwa dzuwa linali litatsala pang'ono kupendeka. Chipembere anali atavala kale jekete, akupukuta nyanga kuseri kwa mpanda. Anthu anangoona galimoto ikubwera ikudontha, m'kati muli mkamwini wonyezimira ngati wangovuuka mumtsinje, khungu losang'aluka ndi pamodzi pomwe. Nthungululu zinalira. Tambala anaperekedwa, msoti wochokera kuchikazi unalandiridwa, Chipembere anavula jekete n'kukagona.

Mbeta ija inazungulira galimoto, inayang'ana mgolo, inayang'ana Nungu ali wefuwefu pamwamba.

"Ena eyakoni yawo ndi mphepo chabe," inatero. "Yanuyi ndi ya mvula. Bambo, musadzaikonzetse. Ndaikonda momwemu."

Mvuu anali mwamuna womvera mkazi. Galaji ya pansi pa mango inamera udzu, ndipo maulendo onse a banjalo, kumsika, kumaliro, kukaona apongozi, Nungu anali pamwamba ndi chitini chake.

Nthano yathera pamenepo, ndipo mfundo yake nayi, ana inu: ukamasaka amene waononga, yamba wacheuka uone chimene msana wako ukuchita.