Mano a Matayala Anathera M'tauni

Panali munthu wina wokonza mafiriji ku Limbe, kwawo kumapiri a Neno. Zaka zisanu zinatha osapondako. Mtima unkamuwawa, pakuti uthenga unkabwera wakuti bambo ake maso achita ng'ala, ndipo akufuna kuona nkhope ya mwana wawo kusanade.

Tsono anagula njinga yamoto yaitali ija, yoyenda pa phula ndi m'fumbi momwe. Kogula matayala, wogulitsa anamuyalira mitundu iwiri. Osalalawa, anatero, amakhalitsa m'tauni koma m'matope amavina. A mano akuluakuluwa amaluma dothi, koma phula limawadya msanga.

"Funso n'limodzi, achimwene. Mukupita kuti?"

"Kumudzi," anayankha. Anatenga a mano.

Anasankha bwino, musamunyoze. Koma Loweruka limene anati anyamuke kunali firiji ya mwini butchala yoti akonze. Lotsatira, ya kumalo ogona alendo. Tsiku ndi tsiku matayala ankalira wuu pa phula, iye n'kumamva kukoma, chifukwa kulirako kunkamukumbutsa kwawo. Ankaona m'maganizo mtengo wa mango wa pakhomo, ndi bambo ake atakhala pansi pake, nkhope italoza kumsewu. Ankamva ngati ali kale pa ulendo, chonsecho akungozungulira Limbe ndi Ndirande. Mawa, mawa, miyezi isanu ndi inayi.

Mu Januwale mlongo wake anaimba foni kuti diso limodzi lazima, linalo latsala pang'ono. Ananyamuka mvula ili pamutu. Atasiya phula n'kulowa msewu wadothi, njinga inayamba kupepeluka. Pa chitunda choyamba inagona chammbali. Anagwada, n'kupapasa tayala. Linali see, mano onse atathera m'tauni.

Anadikira masiku anayi pa sitolo ina kuti msewu uume, kenako anamaliza ulendo akukankha njinga. Anapeza bambo ake ali pakhonde.

"Bambo, ndabwera."

Mkuluyo anatembenukira kumene kunachokera mawu, n'kutambasula manja onse awiri.

"Sendera kuno, mwana wanga. Ndikuone ndi zala."

Inu amene mukundimvera, enanu munasankha kale bwino. Munagula zoyenera, mumalankhula za ulendo, mumausa moyo mukakumbuka amene akukudikirani. Koma kulakalaka si kunyamuka ayi. Chimene mwakonzera ulendo chimatha ngakhale musanapite. Pitani maso akadaona.