Khutu la Lonjezo

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu ndikufuna kukusimbiraniwu ena adzakuuzani kuti ndi wamakedzana, ndipo ine sindilimbana nawo. Koma kwathu kuno anthu amaumirira kuti unabadwira pabwalo la ndege lakale la kuseri kwa boma, tsiku la mpikisano wa timagalimoto tamagetsi.

Chaka ndi chaka, mvula ikangokata, ana a sukulu za sekondale ankasonkhana pabwalopo ndi timagalimoto topanga okha. Kagalimoto kalikonse kankakwana munthu mmodzi, ndipo tonse tinkapatsidwa mabatire ofanana. Mpikisanowo sunali wa liwiro lokha. Ankanyamuka m'mawa, n'kumazungulira bwalo mpaka belu la masana, oyendetsa akusinthanasinthana, ndipo chikho chinkapita kwa amene azungulira kambiri. Kuima popanda chifukwa kunali kupatsa anzako chikho ndi manja awiri.

Gulu la sukulu ya Nthumbi linkatsogozedwa ndi mnyamata wina wa Folomu 3, dzina lake Lonjezo. Pa nkhani ya zitsulo mwanayu anali wodala manja, zimenezo palibe ankatsutsa. Vuto lake linali limodzi: sankauzidwa. Iye anakhazikika pa mfundo yakuti galimoto yopepuka ndiyo siidya batire, choncho anapala apa, kuboola apo, kuchotsa chilichonse cholemera. Magulu ena ankaika matayala a njinga zonyamulira katundu, a masipoko onenepa aja. Lonjezo anasankha opyapyala a njinga yothamangira. Anaiwala kuti njinga ikamakhota imapendekeka pamodzi ndi tayala lake, pamene galimoto imakhota chilili, kulemera kwake konse n'kumakankha tayala cham'mbali. Galimotoyo anaitcha Namzeze, ndipo kunena zoona inali yokongola.

Woyendetsa womaliza wa Namzeze anali mlongo wake weniweni wa Lonjezo, Ndaziona, kamtsikana ka Folomu 1. Anamusankha chifukwa anali wochepa thupi kuposa onse, komanso chifukwa achimwene ake akanena chinthu iye sankawonjezerapo kapena kuchotserapo.

Tsono pampikisanowu panali khalidwe lina loipa limene linazika mizu. Magulu ankanamizana. Galimoto ya anzawo ikamadutsa, ana ankakuwa kuti tayala laphwa kapena kuti kumbuyo kukufuka utsi, cholinga woyendetsa achite mantha, aime. Chaka cham'mbuyo Lonjezo anakodwa mumsampha womwewo. Anaimitsa galimoto yabwinobwino, anthu n'kumuseka mpaka kwawo. Ndiye ulendo uno analangiza Ndaziona kuti atseke makutu, asamvere munthu aliyense, asatembenuke, ndipo aime pokhapokha ataona nsalu yofiira imene iye Lonjezo anaisunga m'thumba.

Pafupi ndi msasa wa a Nthumbi panali msasa wa atsikana a sukulu ya Kamwala. Galimoto yawo inali yolemera, yosaoneka bwino, ndipo eni akewo anaitcha Bongololo. Mtsogoleri wawo anali Tiyese, mtsikana wojintcha, wosalankhulalankhula. M'mawa umenewo Lonjezo anamufunsa pagulu ngati abweretsa ng'ombe zokokera ngolo yawoyo. Anyamata anagwa nako kuseka. Tiyese anangomuyang'ana n'kupitiriza kumanga mawaya ake.

Dzuwa litayandikira pamutu, magalimoto ambiri anali atatopa, ena akukwawa, ena atafera m'mbali mwa bwalo. Namzeze anali patsogolo, Ndaziona ali pachiwongolero. Wachiwiri, modabwitsa onse, anali Bongololo, amene sanathamangepo koma sanadwalepo, ndipo ankayendetsa ndi Tiyese mwini wake. Lonjezo anali ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Chikho ankachiona kale chili pa tebulo la aphunzitsi aakulu.

Kumunsi kwa bwalo kunali kona yotsetsereka, ndipo kuseri kwake kunali ngalande yakuya yowaka ndi miyala. Pakona imeneyi Namzeze, atazunguliranso bwalo, anapeza Bongololo n'kumupitirira, ndipo Tiyese, pokhala kumbuyo, anaona zimene munthu wa kumsasa sakanaona. Tayala lakumbuyo la kumanzere linkavina. Anamvanso masipoko akuduka, thi, thi. Anakuwa, koma Ndaziona anamvera malangizo a achimwene ake, osatembenuka.

Tiyese sanadikire nthawi yosinthana. Analowetsa Bongololo kumsasa, mnzake wolandira galimoto asanavale n'chisoti chomwe, n'kuthamangira kwa Lonjezo.

"Achimwene, imitsani galimoto yanu," anatero ali wefuwefu. "Tayala lakumbuyo likutha. Masipoko akuduka, ndawamva ndi makutu angawa."

"Nyimbo imeneyo ndi ya chaka chatha, achemwali," anayankha Lonjezo. "Kaimbireni ena."

Tisamuweruze msanga mnyamatayu. Amene ankamuuza kuti aime ndi yemweyo amene akanatenga chikho Namzeze ataima. Komanso pamsasapo magalimoto ankadutsa mowongoka, ndipo tayalalo linkaoneka labwinobwino. Tiyese anabwereza, anachonderera, mpaka analumbira. Anyamata a Nthumbi anangoyamba kumuwowoza.

Apo mtsikana uja anasiya zolankhula. Anatambasula dzanja, kugwira khutu la Lonjezo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kulipotokola. Kenako anayamba ulendo wa kumunsi, mwini khutu akutsatira chowerama ngati mbuzi yopita kumsika. Khamu lonse linaona. Amayi ogulitsa zitumbuwa anaseka mpaka kugwirana mapewa. Lonjezo anayesa kudzipulumutsa, koma zala za munthu womanga mawaya si zoseweretsa, ndipo manyazi ankamuwawa kuposa khutulo.

Atafika pakona paja Tiyese anamukankhira pansi.

"Iwe, gwada apa. Yang'ana tayala, usayang'ane ine."

Namzeze anatulukira, akutsetsereka mwakachetechete monga amachitira magalimoto amagetsi. Pokhota, tayala lija linapindikira kunja ngati mkombero wa lichero lakale, n'kubwerera. Sipoko imodzi inathothoka, kugwera pa udzu pafupi ndi bondo la Lonjezo. Iye anaona timanja ta mlongo wake titagwira chiwongolero. Anatembenuka n'kuona miyala ya m'ngalande muja.

Anathamanga kudutsa pakati pa bwalo kuti akamutsekere kutsogolo asanafikenso pakonapo. Ali m'njira, mnzake wina wa m'gulu lawo anamugwira malaya n'kumuuza kuti belu latsala pang'ono kulira, tayalalo likhoza kupirira kamodzi kapena kawiri, asataye ntchito ya chaka chathunthu chifukwa cha mawu a mtsikana wa gulu lina. Ndisakubisireni, mawu amenewo anamukomera Lonjezo. Anaima, dzanja lili m'thumba, mtima ukukokera uku ndi uku. Chikho ankachifuna ndithu. Koma Namzeze atayandikira, anasolola nsalu yofiira ija n'kuikupiza ndi manja onse awiri.

Ndaziona anaiona, n'kuchepetsa liwiro. Anabwera pang'onopang'ono, ndipo pamene ankakhotera kumsasa, pa liwiro la munthu woyenda pansi, tayala lija linapindika kotheratu. Galimoto inakhala pansi, kukwekwereza fumbi pang'ono, n'kuima.

Mwanayo anatuluka atakwiya. Anavula chisoti n'kufunsa achimwene ake chimene amuimitsira pamene anali patsogolo. Lonjezo anangoloza kumbuyo kwa galimoto. Ndaziona atayang'ana tayala lija, anakhala pansi pomwepo. Lonjezo anakhala pambali pake n'kumugwira dzanja, ndipo mnyamata wosauzidwa uja analira anthu akuona. Ankaganiza za mmene akanakalowera pakhomo pa mayi ake madzulo amenewo tayalalo likanapindikira kumunsi kuja.

Belu linalira. Chikho chinapita kwa sukulu ina imene m'mawa palibe ankaiwerengera. Bongololo, chifukwa cha kuima kuja, anatsalira m'mbuyo.

Lonjezo anadzuka n'kupita kumsasa wa a Kamwala. Anapeza atsikana ali ndwii, ena atafulatira mtsogoleri wawo. Iye anagwada pafumbi pamaso pa Tiyese n'kuomba m'manja mwaulemu, monga tichitira kwa akuluakulu.

"Achemwali, zikomo. Ndinakunyozani m'mawa, ndakunyozaninso masana ano. Mukanangokhala chete, chikho chikanakhala chanu lero."

"Chikhocho ndikanamwera chiyani, mwana wa eni ali m'ngalande?" anatero Tiyese. "Dzukani, mukudetsa yunifolomu. Khutulo mukalithowe ndi madzi ofunda."

Atsikana amene anafulatira aja anatembenuka, ndipo mmodzi anapita kukatenga Ndaziona kuti adzamwe nawo thobwa.

Khutu linatupadi. Kusukulu anyamata sanamusiye Lonjezo, tsiku ndi tsiku ankamufunsa kuti zinatheka bwanji mwamuna wathunthu kukokedwa khutu ndi mtsikana pamaso pa boma lonse. Iye sankapsa mtima. Ankangogwira khutu lakelo n'kunena kuti, "Inu munandiombera m'manja, uja ananditsina khutu. Wakutsina khutu ndi mnansi." Mawuwo anayenda kuchoka pasukulupo kufika kumsika, kuchoka kumsika kulowa m'midzi, mpaka lero akuluakulu amawanena ngati awo.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene wakuchenjeza, ngakhale atakuchenjeza mopweteka, ngakhale atakuchititsa manyazi pagulu, ameneyo ndiye mbale wako. Chenjezo silikoma, ndipo nthawi zambiri limachokera kumene sukuliyembekezera, mwina kwa munthu amene unamuseka. Wokufunira zoipa savutika n'kukutsina. Amangokhala chete, kapena kukuchemerera, n'kumadikira kuti ukafike pakona. Tsono ana inu, wina akakugwirani khutu, musathamangire kumenya dzanja lake. Yambani mwayang'ana kumene akukulozerani, kenako mumuthokoze khutu likadali kuwawa.