Thovu la Vitalis

"Sopo wopanda thovu ni sopo wabwanji?" anatero Vitalis, akukankhira kumbali botolo la mkazi wake.

"Ba Vitalis, thovu si ukhondo. Tisakanize chabe, wanu na wanga," Nelesi anayankha.

"Iyai! Amayi anakalamba akutsukira thovu."

Banja latsopanoli linkaweta ng'ombe zitatu za mkaka ku Palabana. Nelesi anali atangochokera ku maphunziro a alimi, kumene anamva kuti sopo ali ndi mitima iwiri. Wathovu, tizidutswa take timakankhana ngati atambala, ndipo akakumana ndi madzi a laimu a m'chitsime chawo amaundana. Wofatsayo, wopanda thovu uja, akalowa yekha m'madzi otentha amangochita mbuu. Koma ukawasakaniza, wofatsa amakhala pakati pa okanganawo, onse n'kuumba timipira tosaoneka ndi maso totsekera mafuta m'kati.

Vitalis anatseka makutu. Thovu linkasefukira m'zigubu za mkaka ngati mitambo ya Disembala, koma mafuta ankakhalabe m'makona, phee. Kawiri konse mkaka wawo unafika kwa osonkhanitsa utasasa, ndipo anauzidwa kuti kachitatu adzachotsedwa m'gulu la alimi ogulitsa mkaka.

Loweruka m'mawa Vitalis anapisa chala m'chigubu chimene anatsuka dzulo lake. Chinatuluka chikuterera. Atacheuka anaona Nelesi akukama, akuluma mlomo. Zala za Nelesi zinali zitang'ambika ndi sopo waukali wathovu uja, zala zomwe zija Vitalis anazigwira koyamba mu minibasi ya ku Chongwe. Masabata onsewa mkaziyo sanadandaule ngakhale kamodzi.

Anatenga mabotolo awiri aja, nathira pang'ono pang'ono m'madzi ofunda, n'kutsukira chigubu chachitsulo chija. Thovu linali lochepa, lamanyazi. Koma atatsukuluza, chala chinalira tswii pachitsulo.

"Wamva?" anatero, maso ali pansi.

"Namva. Chigubu chakamba, mwamuna wanga akalibe kukamba," Nelesi anaseka.

Vitalis anagwada pambali pa ng'ombe, natenga manja a Nelesi n'kuwafukata.

"Sin'nali kukana sopo, Nelesi. N'nayopa kuti sukulu yakupeleka kutsogolo, uzanisiya kumbuyo. Niphunzitseko. Nifuna tizitsuka tonse."

"Bweretsani chigubu china," anatero Nelesi, akumusendera malo.

Lolemba mkaka wawo unalandiridwa. Akulu sananame: chala chimodzi sichiswa nsabwe.