Tambala wa Danele

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo, kungoti ambiri kwawoko kunaiwalika. Umene ndikufuna kukuuzaniwu kwawo ndikukudziwa, chifukwa unabadwira khomo loyandikana ndi langa, ku Matawale mu Zomba, masiku amene ndinkaphunzitsa sitandade 7. Alipo ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa ine. Musalimbane nawo, ndi akuluakulu. Mungowafunsa mwaulemu ngati tambalayo anamuona ndi maso awo.

Anansi angawo anali bambo Kaliwo ndi akazi awo, Nangozo. A Kaliwo anali kochi wa timu ya basiketibolo, mpira uja woponyera mumkombero wachitsulo wopachikidwa m'mwamba. Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Ine sindinawaonepo akulowetsa mpira mumkomberomo ngakhale kamodzi, koma kuphunzitsa ena ankatha. Nangozo ankasoka zovala pakhonde ndi kuweta nkhuku. Za mpira sankazidziwa ndipo sankafuna kuzidziwa, koma pa nkhani yolandira alendo panalibe wowaposa m'dera lonselo.

Chaka china timu ya a Kaliwo inachita bwino, ndipo inayenera kukakumana ndi matimu a mayiko ena. Kampani ina yocheka matabwa, imene inkathandiza timuyo, inaitana katswiri wa ku Amereka kuti adzasewere nawo chaka chimodzi. Dzina lake linali Darnell Whitlow, koma lilime la Nangozo linakana, ndiye tonse tinangoti Danele.

Danele anabadwira m'katauni kakang'ono ku Arkansas, ndipo anakula ndi mayi ake okha, amene ankachapa zovala pachipatala. Ali kukoleji ankasewera mpira mochititsa kaso, moti aliyense ankati matimu akuluakulu a kwawoko adzamutenga. Tsiku losankha osewera atsopano litafika, anakhala ndi mayi ake akuonera wailesi yakanema. Mayina makumi asanu ndi limodzi anatchulidwa, lake osamveka. Sanaleke mpira. Anatenga chikwama n'kupita kukasewera ku Portugal zaka ziwiri, kenaka ku Finland kozizira, ku Lebanon, ku Uruguay, ku Philippines kumene anavulala bondo, ndiponso ku Angola. Pofika kwathu kuno n'kuti ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, msinkhu umene pa ntchito imeneyo amayamba kukutcha nkhalamba.

Muyenera kudziwa mmene ntchitoyi imayendera. Wosewera wochokera kunja amakhala ngati waganyu. Timu ikagonja katatu, kapena kukapezeka wina wamng'ono wa mawondo abwino, amamuuza m'mawa kuti madzulo anyamuke. Kukapezeka malo kwina, ejenti wake, munthu womupezera matimu, amaimba foni, iye n'kunyamukanso. N'chifukwa chake Danele sankatulutsa zovala m'chikwama. Ankatengamo malaya amodzi, akachapa n'kubwezamo.

Kunyumba yogona alendo bedi linamuchepera, choncho a Kaliwo anamutengera kwawo, m'chipinda cha mwana wawo Mwandida amene ankagwira ntchito ku Mzuzu. Anaitana kalipentala kuti alumikize benchi kumiyendo kwa bedi. Tsiku limene Danele analowa m'nyumbamo anachita kuwerama pakhomo ngati akupereka ulemu kwa apongozi.

Apa ndi pamene panayambira vuto. Mwambo wathu mukuudziwa: mlendo wolemekezeka amamuphera nkhuku tsiku lomwe wafika. Akadya nkhukuyo ndiye kuti walandiridwa, sakhalanso munthu wongogona. Tsoka ilo, chitopa chinali chitasesa khola la Nangozo miyezi iwiri yapitayo. Munatsala thadzi limodzi loikira mazira ndi katambala kakang'ono kamene kanali kasanayambe n'kulira komwe. Nangozo anayang'ana katambalako, anayang'ana mlendoyo kuyambira kuphazi mpaka kudenga, n'kuitanira amuna awo kuseri.

"Bambo a Mwandida, chimunthu chonsechi ndichipatse kanthu aka? Si kumulandira kumeneko, n'kumunyoza."

"Tikagule ina kumsika," anatero a Kaliwo.

"Nkhuku yogula ndi ya mlendo wamba. Uyu wadza kudzakhala m'chipinda cha mwana wathu, adye ya m'khola mwanga. Akhala chaka chathunthu, eti? Kasiyeni kakule."

A Kaliwo anavomera. Inenso Nangozo atandiuza pampanda ndinavomera, ndinati zili bwino, kuthamanga si kufika. Ndikunena izi kuti musaganize kuti wolakwa anali mmodzi.

Danele sanauzidwe kanthu. Kwathu kuno sumuuza mlendo kuti tikukusungirani nkhuku, zimakhala ngati ukupempha zikomo usanapereke. Iye ankangodya zimene zapezeka, n'kuthokoza ndi Chichewa chake chopotoka, "Zikomo, amayi, ndakhuta." Nangozo ankamwetulira, koma mumtima zinkawawawa, chifukwa kwa iwo mlendoyo anali asanafike.

M'mawa uliwonse kusanatenthe Danele ankapita kubwalo la simenti la pasukulu yathu kukaponya mpira yekha. Mukudziwa kuzizira kwa m'munsi mwa phiri la Zomba. Bwalolo linkadzuka litanyowa ndi mame, loterera, ndipo munthu wa bondo lovulala sakanalipondapo. Ndiye ankatenga chisaka n'kuyamba kupukuta, ngodya ndi ngodya, atapinda msana wake wautaliwo. Nangozo podutsa kupita kukagula ulusi ankaima n'kumuseka.

"Danele mwanangu, mukuvutikiranji? Mame amachoka okha. Dikirani pang'ono dzuwa likwere."

A Kaliwo akamumasulira kunyumba, Danele ankayankha kuti sanazolowere kudikira.

Akabwera kubwaloko ankakhala pakhonde kudya mtedza wokazinga, ndipo katambala kaja kanayamba kumuyandikira. Anakaponyera njere imodzi, mawa lake ziwiri, ndipo pakutha mlungu kankadya m'dzanja lake. Anakapatsa dzina loti Kaputeni. Nangozo poona zimenezi anandinong'oneza, "Taonani, aphunzitsi, akudzinenepetsera yekha ndiwo." Tinaseka mpaka misozi, Danele n'kumaseka nafe osadziwa chimene tikuseka.

Tsiku lina ndinamufunsa m'Chingerezi chifukwa chimene sankatulutsira zovala m'chikwama, pamene m'chipindamo munali kabati yopanda kanthu.

"Aphunzitsi, ndikaika malaya m'kabati ndimayamba kukonda malo. Ku Portugal ndinaika. Anandiuza zonyamuka Lachiwiri m'mawa, ndipo palibe anandiperekeza. Kuyambira pamenepo ndimadziwa kuti kulikonse ndine wongodutsa."

Nditawafotokozera Nangozo, anaimitsa makina osokera. Iwo anamva mwa njira yawo. Anati mwanayu sakumasula chikwama chifukwa sitinamulandire, ndipo akachoka chonchi akanena kwa mayi ake kuti ku Zomba anangomupatsa bedi. Chinthu chimenecho sanafune kuti chichitike pakhomo pawo.

Patatha miyezi iwiri Kaputeni anali tambala weniweni, wa lipombo lofiira, wolira mpaka kudzutsa mzere wonse wa nyumba. Nangozo anati nthawi yakwana. A Kaliwo anati ayi, Loweruka kuli masewero aakulu, wosewera asalemedwe m'mimba, tidzadya titapambana. Loweruka linafika, Danele anasewera bwino kwambiri koma timu inagonja, ndipo a Kaliwo anati nkhuku yodyera chisoni siikoma. Mlungu wotsatira kunagwa maliro kwawo kwa Nangozo ku Ntcheu, anakhalako masiku asanu ndi atatu. Atabwera anati basi, Lamulungu likudzali, Mwandida abwere kuchokera ku Mzuzu adzadye ndi m'bale wakeyu. Anagula mpunga wa Kilombero, anachapa mbale za alendo zimene zinkakhala pamwamba pa kabati, ndipo ine anandiitaniratu.

Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku atatu, ndinaona Danele akubwera kuchokera kubwalo nthawi isanakwane, foni ili m'manja. Anaitana a Kaliwo. Ejenti wake anali ataimba. Timu ina yaikulu ya ku Igupto inali itataya wosewera amene anathyoka mwendo, ndipo inkafuna Danele afike Loweruka. Eni kampani anali atavomera kale kumumasula. Galimoto yopita naye kubwalo la ndege ku Chileka inali m'njira, ifika isanakwane naini koloko.

"Kochi, pa msinkhu wangawu foni yotereyi siidzaimbanso," anatero Danele. "Ndikhululukireni."

A Kaliwo, ngakhale zinawapweteka, anamugwira dzanja. "Pitani, mwana wanga. Ndikanakhala ine ndikanapita."

Nangozo atamva sanataye nthawi. Anaika madzi pamoto n'kuthamangira kukhola. Koma nkhuku zinali zitatsegulidwa kale, ndipo tambala amadziwa nkhope ya munthu amene akumufunira zoipa. Kaputeni anadumpha mpanda kulowa kwanga. Ndinamuthamangitsa ndi tsache, anabwerera. A Kaliwo anamudumphira n'kugwera m'maluwa. Osewera awiri amene anabwera kudzatsanzika analowa nawo m'ntchitoyo, anthu ogwira mpira uli m'mwamba, koma tambala anawadutsa pakati pa miyendo. Pomaliza anauluka n'kukatera padenga la bafa, n'kulira kamodzi ngati akutinyoza.

Danele anatuluka m'nyumba chikwama chili paphewa, poti kulongedza kwake kunali kutseka zipi basi. Anationa tonse tili wefuwefu, a Kaliwo masamba ali m'mutu.

"Mukumufuna Kaputeni?" anafunsa.

Anapisa m'thumba, anatulutsa mtedza, anatambasula dzanja lake lalitalilo kudenga, n'kuitana ndi kakhweru. Tambala uja anatsikira pamkono pake mwaulemu. Danele anamufungatira, n'kufunsa kuti walakwanji.

Kenaka Nangozo anandiyang'ana. "Muuzeni, aphunzitsi. Muuzeni zonse."

Ndinamuuza za mwambo wa nkhuku ya mlendo. Ndinamuuza kuti tsiku limene anafika tambalayu anali wamng'ono, ndipo Nangozo anaona kuti munthu ngati iye sayenera kupatsidwa chochepa. Ndinamuuza za mpunga, za mbale zotsukidwa, za Mwandida amene amabwera Loweruka kudzaona m'bale wake. Danele anamvetsera osagwedezeka. Kenaka anaika chikwama pansi, anakhala pa sitepe ya khonde tambala ali pachifuwa, ndipo chimunthu chonse chija chinalira.

"Mayiko asanu ndi limodzi," anatero. "Anandipatsa nyumba, anandipatsa galimoto. Palibe anandiwetera nkhuku."

Nthawi yomweyo galimoto inaliza hutala kumsewu. Madzi aja anali atangoyamba kufunda. Tambala wachikuda, ana inu, sapsa ndi mphindi khumi, amafuna maola awiri pamoto. Nangozo anayang'ana mpeni umene unali m'manja mwa amuna awo, anayang'ana kumsewu, ndipo anadziwa kuti achedwa. Anagwada pafupi ndi Danele.

"Mwanangu, ndakulakwira. Ndinkafuna kukupatsa chachikulu, ndiye sindinakupatse kanthu. Ukupita usanafike."

Sindinachite kumasulira. Danele anawapatsa tambalayo m'manja, n'kuyankha m'Chichewa chake chomwe chija. "Amayi, ndakhuta. Musunge Kaputeni. Ndibwera."

Anatsegula chikwama, anatulutsa malaya amodzi a timu, analowa m'chipinda n'kuwapachika m'kabati. Nangozo anamukulungira mtedza wotsala m'pepala, chifukwa ndicho chokha chinali chokonzeka. Tonse tinamuperekeza mpaka kumsewu, ndipo tinaima pomwepo mpaka fumbi la galimoto litatha.

Pobwerera tinadzera pabwalo la sukulu. Chisaka chija chinali pakati pa bwalo pomwe foni inamupezera, atapukuta theka lokha. Theka linalo linali litauma lokha, osasiya n'kadontho komwe. Nangozo anatola chisakacho, tambala ali kukhwapa, ndipo anaima nthawi yaitali.

"Ndinkamuseka kuti mame amachoka okha," anatero. "Sindinadziwe kuti mame ake ndi iyeyo. Mlendo ndi mame, bambo a Mwandida. Sachedwa kukamuka."

Danele sanabwerenso. Anasewera ku Igupto chaka chimodzi, bondo linakana, ndipo anabwerera ku Arkansas kukaphunzitsa mpira ana asukulu. Koma chaka chilichonse ankalemba kalata, ndipo funso loyamba linali la Kaputeni. Tambalayo palibe anamukhudza ndi mpeni. Anakalamba mpaka mawu anasasa, n'kufa yekha m'khola, ndipo Nangozo anamukwirira pansi pa mtengo wa mapeyala. Malaya aja anakhalabe m'kabati, akumachapidwa chaka ndi chaka.

Kuyambira tsiku limenelo khomo la Nangozo linasintha. Mlendo akangoti odi, madzi ankakhala ali pamoto asanavule nsapato. Nkhuku ikhale yaing'ono, ikhale yoonda, inkaphedwa tsiku lomwelo. A Kaliwo ankadandaula kuti khola silikudzaza, Nangozo n'kuwayankha ndi mawu aja, mpaka anthu a m'dera lonse anawatola.

Ndiye mukamva akulu akunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, tanthauzo lake ndi ili: munthu amene wabwera kwa inu sakhalitsa, ngakhale atanena kuti akhala chaka. Musamutopere, ndipo musamusungire zabwino kudikira tsiku loyenera. Mupatseni lero chimene muli nacho, ngakhale chichepe bwanji, ndipo mumuuze kuti mwakondwa kuti wabwera. Nangozo anali ndi chikondi chokwanira mudzi wonse, koma mlendo wawo ananyamuka ndi mtedza wa m'pepala.