Ndege ya mu Utsi

Kudera lina kunali munthu amene ankakonda kujambula ndege kuposa chakudya. Loweruka lililonse ankaima pampanda wa waya wa kabwalo ka ndege ka kwawo, kamera ili pakhosi. Kujambula ankakudziwa, sindikana. Koma matama! Chithunzi chikangokhala ndi kachilema, ankachifufuta pomwepo kuopa kuti anzake ojambula angamuseke.

Munthuyu anali ndi mkulu wake amene anakalambira pabwalo lomwelo, akukweza katundu m'ndege ina yakale ya mapulopela, yolira ngati chigayo. Ndege zamtunduwu zinali zitatha. Inatsala imeneyi yokha, ndipo inkatera mwa apo ndi apo, mwina chaka n'kutha osaoneka. Mkuluyo anadwala sitiroko, n'kukhala chigonere. Tsiku lina anati, "Iwe, ikadzabwera ija udzandijambulire. Ndiioneko kamodzi kokha."

"Musadandaule achimwene, ndidzakubweretserani chokongola."

Ndegeyo inabweradi, nyengo yotentha, osaka mbewa atayatsa tchire lonse lozungulira bwalo. Utsi unali tolotolo. Mng'onoyo anaijambula ikutera, anaijambulanso ikunyamuka. Atayang'ana pakamera anaona ndege yotuwa, mapiko osaoneka bwino. Anakwinya nkhope. "Zoterezi ndingaonetse munthu? Idzabweranso mvula ikagwa, kumwamba kutayera." Anafufuta zonse.

Kunyumba, mkulu wake anali atamva kale kulira kwa ndegeyo.

"Ndaimva. Bweretsa ndione."

"Kunali utsi, achimwene. Sizinaoneke bwino, ndafufuta."

 Wodwalayo anati, "Ine ndikanaizindikira mu utsi momwemo." Anatembenukira kukhoma.

Mvula inagwa, kumwamba kunayera. Mng'ono uja ankaimabe pampanda mpaka udzu unamufika m'chiuno. Mlonda wapageti ndiye anadzamuuza kuti ndegeyo inagulitsidwa kunja, ndipo kumeneko anaiphwasula n'kugulitsa zitsulo. Mawu amenewa sanawafikitse kunyumba. Mkulu wake sanafunsenso, ndipo chimanga chisanache anamwalira.

Nkhaniyi imandiwawa, abale anga, chifukwa oterewa tilipo ambiri muno, ndipo mawa lomweli tifufutanso. Ngati pali wina amene akudikira kanthu kwa inu, kampatseni lero mmene kalilimo, ndi utsi wake womwe. Iye sakufuna kuona luso lanu, ndipo mwina mvula imene mukudikirayo idzagwera pamanda pake.